Mtsutso: Bwana Wobwezeredwa Ndalama za Chipukuta Misozi Alipireko Loya wa Wovulala?

Tsiku la msika pa Lufita, m'boma la Chitipa, anthu ndi magalimoto amalimbirana msewu umodzi. Malole amaima m'mbali kutsitsa katundu, ena akukweza chimanga ndi nyemba zopita ku Karonga, akabaza akudutsa pakati, ndipo anyamata osenza matumba ali kalikiliki pomwepo. Chiikireni tala pamsewu wa Karonga ndi Chitipa, magalimoto amathamanga kuposa kale. Nkhani yomwe tikambirane pano imamveka ngati ya m'mabuku a maloya, koma eni ake ndi anthu a pamsika omwewa.

Tiyerekeze kuti mnyamata wolembedwa ntchito pa shopu ya holoselo akutsitsa matumba a simenti, ndipo galimoto ya munthu wina, wosakhudzana ndi bwana wake, yamugunda n'kumuthyola mwendo. Mnyamatayu ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kwa bwana wake, kudzera ku ofesi ya leba. Lamulo la chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000, limati wolemba ntchito alipire ngakhale ngoziyo sanaichititse ndi iye. Wolumala moti sangagwirenso ntchito amalandira malipiro a miyezi 54, banja la womwalira limalandira a miyezi 42, ndipo wolumala pang'ono amalandira gawo molingana ndi maperesenti omwe dokotala walemba. Njira yachiwiri ndi ya kukhoti: kusumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani yake ya inshuwalansi. Kumeneku ndalama zimachulukirapo, chifukwa khoti limawerengeranso ululu, kupunduka kwa thupi ndi zinthu zomwe munthuyo sadzathanso kuchita. Koma kumeneku n'komwe kumafunika loya.

Malamulo a mtundu umenewu, kuyambira la ku Britain la 1897 lomwe mayiko ambiri anatengerako, amagwira mfundo yoti munthu asalipidwe kawiri pa bala limodzi. Wolakwa weniweni akapezeka n'kulipira, bwana uja, kapena inshuwalansi yomwe inamulipirira, amafuna kubwezeredwa zomwe anatulutsa. Ndalama zikatuluka kukhoti, manja otambasuka amakhala atatu: a wovulala, a loya ndi a bwana.

Tiike manambala ongoyerekeza. Bwana analipira K2 miliyoni kudzera ku leba. Khoti lagamula K8 miliyoni. Loya anapangana ndi mnyamatayo kuti adzatenga gawo limodzi mwa magawo anayi, yomwe ndi K2 miliyoni. Bwana akabwezeredwa zake zonse, mnyamata atsala ndi K4 miliyoni. Koma tikati K2 miliyoni ya bwana nayo yabwera ndi thukuta la loya yemweyo, ndiye idulidwe chimodzimodzi, bwana alandira K1.5 miliyoni, mnyamata K4.5 miliyoni, loya zake zomwe zija. Kusiyana kwake ndi K500,000, mpamba wa geni yokhala pansi kwa munthu amene sadzasenzanso thumba.

Mutu wa mtsutso ndi uwu: wolemba ntchito, kapena kampani ya inshuwalansi, amene wabwezeredwa ndalama kuchokera pa mlandu womwe wantchito wapambana, alipire gawo lake la malipiro a loya kuchokera pa ndalama zomwe wabwezeredwazo.

Mbali yovomereza

1. Wopindula ndi ntchito alipireko ntchitoyo. Mlandu wa ngozi sumangoyenda wokha. Wovulala amayamba wafuna lipoti la apolisi, kenako la dokotala pa chipatala cha boma cha Chitipa, kenako kunyengerera mboni, zomwe nthawi zambiri ndi anthu a geni osafuna kutaya tsiku. Mlandu waukulu umakazengedwa ku Bwalo Lalikulu ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 300, kutsika ku Karonga, kutsata nyanja, n'kukwera zitunda za Chiweta, munthu ali pa ndodo. Akafika n'kumva kuti mlandu wasunthidwa, thiransipoti imeneyo yapita. Pa zonsezi bwana sanatulutse tambala, sanasowe tulo, ndipo mlandu ukanaluzika sakanataya kanthu koposa zomwe lamulo linamuuza kale kuti alipire. Akafika pa tsiku logawana n'kutenga zake zamphumphu, ndiye kuti munthu wolumala wamulembera loya waulere. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: wofuna kubwezeredwa avomere ndi mtengo wa kubwezeredwako.

2. Ndalama zikachepa, wovulala ndiye amatsala chimanjamanja. Inshuwalansi ya galimoto imakhala ndi malire a ndalama zomwe ingalipire, ndipo zotsalazo zimayenera kuchoka m'thumba la dalaivala kapena mwini galimoto, amene mwina chuma chake chonse ndi galimoto yophwanyika yomweyo. Tibwerere ku chitsanzo chathu, koma tinene kuti zomwe zatolereka ndi K3 miliyoni yokha. Loya atenga K750,000, bwana K2 miliyoni, mnyamata K250,000. Zaka zonse zoyendera mlandu zija wakhala akugwirira ntchito anthu awiri athanzi. Bwana akalipirako gawo lake, mnyamata atenga K750,000. Sizambiri, koma n'zowirikiza katatu.

3. Popanda kugawana kotere, milandu yambiri imafera panjira, ndipo bwana naye amaluza. Wantchito wochenjera akawerengera n'kuona kuti phindu lonse lidzathera kwa ena, amangokhala pansi. Loya naye, amene amatenga mlandu wa mmphawi poyembekezera kudzalipidwa pamapeto, sangawononge mafuta ndi nthawi pa mlandu wa ku Chitipa womwe kasitomala wake sadzaonapo kanthu. Zikatero dalaivala wosasamala uja salipira aliyense, ndipo bwana, m'malo mwa K1.5 miliyoni, sabwezeredwa ngakhale kwacha imodzi.

Anthu a kuno safunika kuuzidwa kufunika kwa mlandu wotsatidwa mpaka pamapeto. Chitipa, nthawi yomwe inkatchedwa Fort Hill, inali imodzi mwa malo omwe bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela linkatengerapo amuna opita ku migodi ya ku Joni, ndipo ambiri anabwerako ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi. Kwa zaka zambiri chomwe wodwala ankayembekezera chinali kandalama ka chipukuta misozi basi. Thembekile Mankayi wa ku South Africa, yemwe anagwira ntchito pa mgodi wa kampani ya AngloGold, analandira pafupifupi R16,000 pa mapapo ake owonongeka. Loya Richard Spoor anautenga mlandu wake mpaka ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko la South Africa, lomwe pa 3 Malichi 2011 linagamula kuti wa mumgodi ali ndi ufulu wosumira kampani. Mankayi anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti amve chigamulocho, koma mlandu wake ndiwo unatsegula njira ya mgwirizano wa R5 biliyoni womwe makampani asanu ndi imodzi a golide anasaina mu 2018. Ntchito ngati imeneyi imafuna maloya odziwa kuti adzalipidwa, ndipo lamulo lisawatsekere njira.

4. Si maganizo achilendo. M'chigawo cha Illinois ku America, lamulo limanena mosabisa kuti wolemba ntchito amene wabwezeredwa alipire loya wa wantchito 25 peresenti ya ndalama zomwe wabwezeredwazo, komanso gawo lake la zowonongedwa pa mlandu. Zigawo zina zambiri za dzikolo zili ndi lamulo lofanana nalo.

Mbali yotsutsa

1. Bwana sanalembe loyayo, sanapangane naye mtengo, ndipo ngozi sanaichititse. Analipira chifukwa lamulo limamuika patsogolo kuti wovulala asadikire. Kumudulanso pa zomwe akubwezeredwa ndi kumulipiritsa ngongole ya pangano lomwe sanalione. Ndipo tikamati bwana tisamangoganiza za kampani ngati ya mgodi wa Kayelekera, yomwe ili ndi maloya ake ndi inshuwalansi. Pa Lufita bwana ndi mayi wa chigayo, bambo wa lole imodzi, mwini shopu wolemba anyamata awiri. Lamulo la 2000 linalonjeza thumba limodzi lomwe olemba ntchito onse azisonkhamo kuti ngozi ikagwa isagwere munthu mmodzi, koma zaka zoposa makumi awiri zinadutsa thumbalo lisanayambe kulipira anthu. Choncho bwana wamng'ono wopanda inshuwalansi amalipira ndi mpamba wake, mwina atagulitsa ng'ombe. Kwa iye K500,000 ndi ndalama yaikulu monga momwe ilili kwa mnyamata uja.

2. Bwanayo waluza kale ngakhale atabwezeredwa zonse. Milandu imatenga zaka, ndipo kwacha sidikira. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anatulutsa K2 miliyoni mu 2021 n'kuilandira mu 2024 analandira nambala yomweyo, koma simenti kapena feteleza yemwe akanagula nayo anali atachepa kwambiri. Khoti likamagamula za wovulala limayang'ana mtengo wa ndalama pa nthawi ya chigamulo, pomwe bwana amangowerengeredwa zomwe zili pa lisiti.

3. Kuno si ku America, ndipo mfundo iyi ndi yolemera kuposa zonse za mbali ino. Kumeneko mwambo ndi woti aliyense amalipira loya wake, wapambana kapena waluza, n'chifukwa chake malipiro a loya amachoka m'ndalama za wovulala ndipo pamafunika kugawana. Makhoti athu amatsata mwambo wa ku England: woluza mlandu nthawi zambiri amalamulidwa kulipira zomwe wopambana wawononga, kuphatikizapo ntchito ya loya, ndipo anthu akapanda kugwirizana, rejisitala wa khoti ndiye amawerengera. Tsono ngati inshuwalansi ya galimoto yalipira kale ndalama zimenezi pambali, loya akudulanso chiyani kwa wovulala, ndipo adulenso chiyani kwa bwana? Kutengera lamulo la ku Illinois osaganizira kusiyana kumeneku kungapatse loya mipata itatu yolandirira pa ntchito imodzi.

4. Vuto lenileni la wovulala wa kumudzi si bwana ayi, koma kusaona mawerengero. Cheke chimapita ku ofesi ya loya. Pangano linalembedwa m'Chingerezi, munthu wake amalankhula Chilambya, Chindali kapena Chisukwa, ndipo anasaina ali pa bedi la chipatala, atabweretseredwa pepalalo ndi dobadoba amene naye akudikira yake. Akapatsidwa ndalama sadziwa kuti khoti linagamula zingati. Maloya ambiri ndi okhulupirika, koma madandaulo okhudza ndalama za makasitomala ndi ena mwa omwe amafika ku komiti yosungitsa mwambo ya bungwe la Malawi Law Society. Ndani angatsimikize kuti K500,000 yodulidwa kwa bwana ikafikadi kwa mnyamata, osati kutsalira panjira? Ku South Africa anachita kukhazikitsa lamulo mu 1997 loti loya wolipidwa akapambana asapitirire 25 peresenti, kapena kuwirikiza kawiri malipiro ake a nthawi zonse, n'kutenga chocheperapo mwa ziwirizi. Ngakhale zinali choncho, ena ankadulabe mopitirira pa ndalama za anthu ovulala pa ngozi za pamsewu, mpaka nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu la malamulo mu 2014, lomwe linakana kumasula malirewo. Palinso china: loya wolandira kuchokera mbali ziwiri akutumikira ndani tsiku lomwe wantchito ndi bwana asemphana pa kuchuluka kwa zobwezedwa?

5. Njira zina zilipo. Pa mgwirizano wa migodi uja, womwe khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, malipiro a maloya anaikidwa padera kuti makampani alipire okha, ndipo wodwala amene akupempha ndalama zake ku Tshiamiso Trust, bungwe logawa ndalamazo, salipira kanthu. Kuno kwathu kuli Legal Aid Bureau, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015, yothandiza anthu osatha kulipira loya. Kulimbikitsa njira zimenezi kungateteze wovulala popanda kulanga bwana. Ndipo mabwana akadziwa kuti zomwe alipira sizidzabwera zonse, ena adzayamba kuzengereza, kapena kukana kuti munthuyo anali wantchito wawo n'kumati anali waganyu chabe.

Kuyeza mbali zonse

Ine ndikuvomereza mutuwu, koma osati wopanda zomangira, chifukwa otsutsa aloza mabowo enieni.

Chomwe chandikokera ku mbali yovomereza ndi chakuti mtsutsowu sukukamba zowonjezera malipiro a loya. Loya alandira K2 miliyoni mulimonse. Funso ndi loti ndalamayo ichoke kwa munthu mmodzi kapena kwa onse awiri omwe apindula. Otsutsa akuti bwana ndi wosalakwa, ndipo n'zoona, komatu mnyamata naye ndi wosalakwa, ndipo pa awiriwa mmodzi wataya ndalama pomwe wina wataya mwendo ndi ntchito. Za kugwa kwa kwacha n'zomveka, koma mankhwala ake ndi kufuna chiwongoladzanja kwa wolakwa uja ndi inshuwalansi yake, osati kutapa m'gawo la wovulala, amene naye mitengo ya zinthu yamukwerera chimodzimodzi ali pakhomo osalandira malipiro.

Mfundo yachitatu ya otsutsa ndiyo iyenera kusintha kawerengedwe. Ndalama zomwe woluza walipira ngati zowonongedwa pa mlandu ziyambe zachotsedwa pa bilu ya loya. Chotsala chokhacho, ngati chilipo, n'chomwe wantchito ndi bwana agawane, aliyense molingana ndi zomwe walandira. Woluza akalipira bilu yonse, bwana asadulidwe kanthu, wantchito asadulidwenso kanthu. Apa mantha a kulandira katatu atha, ndipo nthawi zambiri gawo la bwana lidzakhala lochepa kuposa la m'chitsanzo chathu.

Dandaulo loti bwana sanaone pangano lili ndi yankho losavuta. Loya asanayambe mlandu amulembere kalata bwanayo, kapena inshuwalansi yake, kumuuza za mlanduwo ndi mtengo womwe apangana. Bwana asankhe: alowe nawo ndi loya wakewake n'kudzilipirira, kapena adikire zotsatira podziwa kuti adzadulidwa gawo. Amene wauzidwa n'kusankha kudikira sangadzanene kuti anakakamizidwa. Amene sanauzidwe asadulidwe, ndipo kusiyanako kugwere loya amene sanalembe kalata, osati kasitomala wake. Nthawi yochitira zimenezi ilipo koma si yambiri, poti mlandu wa kuvulala umayenera kuyambika pasanathe zaka zitatu.

Pomwe ndalama zotolereka zachepa kwambiri chifukwa cha malire a inshuwalansi, ndingapite patsogolo kuposa mutu wa mtsutsowu. Khoti likhale ndi mphamvu yochepetsa zobwezedwa kwa bwana molingana ndi momwe ndalama zonse zaperewerera. Ngati pa K8 miliyoni patolereka K3 miliyoni, si chilungamo kuti mmodzi alandire pafupifupi zake zonse wina n'kulandira nyenyeswa. Ndikudziwa kuti mayi wa chigayo uja zimupweteka, ndipo sindikuchepetsa ululu wake. Koma chomwe chamusiya pambalambanda ndi kusowa kwa thumba la onse lomwe boma linalonjeza, osati mnyamata amene anagundidwa akumugwirira ntchito.

Za madobadoba ndi mapepala osamveka sizithetsedwa pokana mutuwu, chifukwa zilipo kale. Chofunika ndi pepala limodzi la mawerengero, losonyeza zomwe khoti lagamula, zomwe zatolereka, zomwe woluza walipira ngati zowonongedwa, gawo la loya, gawo la bwana ndi lotsala la wovulala. Pepalali liwerengedwe pamaso pa majisitireti kapena mkulu wa ofesi ya leba pa boma la Chitipa, m'chilankhulo chomwe mwini wake akumva, ndalama zisanagawidwe, ndipo bwana alandire kope lake. Malire a maperesenti omwe loya angatenge alembedwe poyera monga anachitira a ku South Africa. Ndalama zoyamba zija, zodzera ku leba, loya asazikhudze konse, chifukwa njira imeneyo inakonzedwa kuti munthu aiyende wopanda loya.

Aphungu ndi Unduna wa Zantchito ali ndi chifukwa chofulumirira pa nkhaniyi. Thumba la onse likadzayamba kulipira, lidzakhala ndilo lofuna kubwezeredwa pa ngozi iliyonse yochititsidwa ndi munthu wapadera, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo lidzakhala ndi maloya ake ndi mphamvu za boma. Wantchito mmodzi wa pa Lufita sadzatha kukambirana nalo za magawo monga angachitire ndi bwana amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Kagawidwe kameneka kalembedwe m'malamulo oyendetsera thumbalo lisanayambe kutolera.